Mizere 992 pa sikirini ya foni: momwe tinapungulira mapu a kusamuka kwa anthu m'maboma

Ntchito yomwe tinapatsidwa inali yotenga ziwerengero za kalembera wa anthu wa 2018, zosonyeza boma lomwe munthu anabadwira ndi komwe anapezeka akukhala, n'kuziika pa mapu oti munthu azidina pa intaneti. Eni ntchito ndi bungwe lina lomwe limathandiza makhonsolo pa mapulani a chitukuko. Cholinga chawo chinali choti wogwira ntchito ku ofesi ya mapulani ku Mchinji kapena ku Mulanje azitsegula mapuwo n'kuona komwe akuchokera anthu amene akudzaza sukulu ndi zipatala m'boma mwake, komanso komwe ana a m'bomalo akukathera. Lipoti lino ndi la gawo limodzi lokha la ntchitoyo, lomwe linatidyera nthawi kuposa ena onse: kuchepetsa kuthithikana kwa mizere yosonyeza anthu ochoka malo ena kupita kwina, kuti mapuwo awerengeke.

Kukula kwa vuto

Dziko lino lili ndi maboma 28, koma a National Statistical Office ku Zomba amawerenga mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba payokha, choncho malo amakwana 32. Malo alionse angathe kutumiza anthu ku malo ena 31, ndipo mukachulukitsa mupeza mizere 992. Mizere yopanda munthu n'komwe ndi yosowa, chifukwa mwa anthu oposa 17.5 miliyoni sangalephere kupezeka wobadwira ku Chitipa amene akukhala ku Nsanje, kaya ndi mphunzitsi, wapolisi kapena wokwatiwa kumeneko.

Mizere 992 si yambiri kwa kompyuta. Chomwe chimavuta ndi kaonekedwe ka dziko lathu. Kuchokera kumpoto kufika kumwera pali makilomita oposa 800, pomwe m'lifupi palibe pamene pamafika 300, ndipo malo ambiri ndi owonda kuposa pamenepo. Pa mapu a dziko lotambalala ngati United States mizere imabalalika mbali zonse, ndiye diso limapeza mpata. Kwathu kuno pafupifupi mzere uliwonse wautali umatsika kapena kukwera m'kanjira kamodzi komweko, wina pamwamba pa unzake.

Mapu oyamba tinawapanga ndi mapulogalamu a pa kompyuta a Leaflet ndi D3, malire a maboma titawakonza mu pulogalamu ya mapu ya QGIS, mzere uliwonse ukunenepa molingana ndi kuchuluka kwa anthu. Chomwe chinatuluka chinali ngati ukonde wopiringizana womwe asodzi ausiya pagombe. Mayina a maboma anakwiririka. Kumapiri a Shire, komwe Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Zomba ali mothinana, kunangokhala chibanthu chakuda. Ndipo mzere wochoka kumidzi ya Lilongwe kulowa mumzinda wa Lilongwe, womwe aliyense wa mapulani amafuna kuuona, unali waufupi kwambiri moti madontho awiri a kumapeto kwake anauphimba wonse.

Zomwe tinayesa n'kuzisiya

Choyamba tinaimbuwitsa mizere kuti yapansi izionekera. Njira yofanana ndi imeneyi ndi imene inakongoletsa mapu otchuka omwe Paul Butler anapanga ku Facebook mu December 2010, osonyeza ubwenzi wa anthu pakati pa mizinda ya dziko lonse lapansi. Pa mapu otere simufunsa za mzere umodzi, mumangoona pomwe pawala. Pa athu, pomwe panada kwambiri panali pa Ntcheu ndi Balaka, osati chifukwa choti anthu akukhamukira kumeneko, koma chifukwa ndi pachiuno pa dziko pomwe mizere yonse ya pakati pa chigawo chapakati ndi chakumwera imadutsa. Wowerenga wosadziwa akanati Ntcheu ndi boma lomwe likulandira anthu ambiri m'Malawi muno.

Chachiwiri tinatsatira langizo la Waldo Tobler wa ku University of California, Santa Barbara. Mu 1987 iye analimbana ndi vuto lomweli pa zigawo 48 za United States, zomwe zimapereka mizere 2,256, ndipo anati ndi bwino kuchotsa mzere uliwonse womwe anthu ake sakufika pa avereji. Mizere yambiri imagwa, koma anthu ambiri osamuka amatsalabe pa mapu, popeza amaunjikana m'mizere yochepa ikuluikulu. Langizoli ndi labwino ndipo mapu anapumadi. Vuto lake kuno n'lakuti maboma athu ndi osiyana kutalitali. Mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi mu 2018, pomwe Likoma sinafike 15,000. Mukaika muyezo umodzi wa dziko lonse, maboma a anthu ochepa monga Likoma, Neno ndi Mwanza amatsala pang'ono kufufutika, ngati kuti kumeneko anthu sasamuka. Mkulu wa mapulani wa ku Neno atatsegula mapu otere angawatseke pomwepo, ndipo sitingamunene.

Chachitatu ndi chomwe ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi chomwe eni ntchito anachikonda kwambiri ndipo ine ndinachikana. Pali njira yomwe akatswiri amaitcha edge bundling, yomanga mizere mitolo. Danny Holten wa ku Eindhoven anaifotokoza mu 2006, ndipo mu 2009 iye ndi Jarke van Wijk anatulutsa mtundu wina womwe mizere yolowera kofanana imakokana yokha mpaka kuphatikana, n'kuuonetsa pa maulendo a ndege ndi kusamuka kwa anthu ku United States. Tinaiyesa pa ziwerengero zathu. Kukongola kwake kunalipo ndithu: chisokonezo chonse chija chinasanduka thunthu limodzi lotsika kuchokera ku Karonga, kudutsa Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe mpaka ku Blantyre, nthambi zikupatukira ku Mchinji, Salima ndi Mangochi.

Aliyense wodziwa dziko lino waona kale chomwe chinachitika. Thunthulo linagona pafupifupi pomwe pali msewu wa M1. Titaonetsa mapuwo kwa ogwira ntchito m'makhonsolo angapo, bambo wina wachikulire analoza pa Dedza n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti anthu onsewa amadutsa pa boma pathu?" Funso lawo linali lanzeru, chifukwa ndi zomwe chithunzicho chinkanena. Koma kalembera safunsa njira yomwe munthu anadzera, ngakhale chaka chomwe anadutsa pamalo. Munthu wobadwira ku Thyolo amene anakagwira ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu, kenako n'kukakhazikika ku Mzuzu, amaoneka ngati mzere umodzi wochoka ku Thyolo kupita ku Mzuzu, basi. Mtolo uja unkapeka msewu womwe mulibe m'ziwerengero.

Palinso china choipa kuposa apo. Mizere ikalowa mumtolo, simungathenso kuitsata. Mukuona nthambi ikulowa kuchokera ku Mulanje, mukuona nthambi zikutuluka ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Mzuzu, koma simungadziwe kuti a ku Mulanje atulukira iti. Funso lomwe mapuwo anapangidwira, loti anthu a boma ili apita kuti, ndi lomwe njirayi imalikwirira. Kwa munthu amene akufuna chithunzi cha pachikuto cha lipoti, edge bundling ndi yabwino. Kwa munthu amene akufuna kudziwa poti amange sukulu, ayi.

Tinayesanso kuphatikiza mizere iwiri yopita ndi yobwera kukhala umodzi wosonyeza kusiyana kwake kokha. Izi zimadula mizere pakati, kuchoka pa 992 kufika pa 496. Koma tinene kuti anthu 5,000 achoka m'boma lina kupita kwa loyandikana nalo, ndipo 5,000 ena abwera kuchokera komweko: kusiyana kwake ndi ziro, mzere palibe, chikhalirecho maboma awiriwo ndi olumikizana kwambiri. Tinaisunga njirayi pa madontho okha, monga ndifotokozere pansipa. Kuphatikiza maboma kukhala zigawo zitatu nako sitinapite nako patali. Kumatsala mizere 6 yoyera bwino, koma Ernst Ravenstein anaona kale mu 1885, pa kalembera wa ku Britain, kuti osamuka ambiri sapita kutali. Ulendo wa ku Thyolo kupita ku Blantyre kapena wa ku Dowa kupita ku Lilongwe umathera mkati mwa chigawo chimodzi, ndiye umasowa.

Mapu momwe alili lero

Zinthu zinayamba kuyenda titasiya kufunsa momwe tingajambulire mizere yonse bwino, n'kuyamba kumvetsera zomwe anthu amanena akagwira foni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati akufuna kuona kusamuka kwa dziko lonse. Aliyense chala chinkathamangira kwawo. Wa ku Salima ankafuna Salima, kenako Lilongwe, kenako mwina boma lomwe anakwatirako. Ben Shneiderman analemba mu 1996 kuti chida chotere chiyambe ndi chithunzi chachidule, kenako munthu azisefa, tsatanetsatane azibwera akamufuna. Ife tinangochita zomwezo mouma mtima: chachidulecho tinachichepetsa kwambiri.

Munthu akatsegula mapu amaona madontho 32. Kukula kwa dontho kumasonyeza kusiyana kwa olowa ndi otuluka, ndipo mtundu wake umasonyeza ngati malowo apindula anthu kapena ataya. Maganizo anga anali oti pasakhale mzere uliwonse pa tsamba loyambali. Eni ntchito anati mapu a kusamuka opanda mzere saoneka ngati mapu a kusamuka, ndipo mfundo yawo inali yomveka, popeza munthu ayenera kuona kuti pali choti adine. Tinakumana pakati: malo alionse amaonetsa mzere wake umodzi wokha, wopita komwe anthu ake ambiri anasamukira. Njirayi ndi yakale, John Nystuen ndi Michael Dacey anaigwiritsa ntchito mu 1961 pa mafoni oimbidwa pakati pa mizinda ya m'chigawo cha Washington ku United States. Imapereka mizere 32, boma lililonse ndi wake, Likoma pamodzi ndi Lilongwe, ndipo mumaona msanga mizinda yomwe imakoka maboma oizungulira.

Munthu akadina boma, zonse zimazilala kupatula bomalo. Amasankha kuona olowa kapena otuluka, osati zonse pakamodzi, ndipo timamuonetsa mizere isanu ikuluikulu. Pansi pa mapu pali mndandanda wa malo onse 31 ndi ziwerengero zake, ndipo akakhudza dzina pa mndandandawo mzere wake umatulukira pa mapu. Pamwamba pa mndandanda timalemba kuti mizere yomwe ikuonekayo ikuimira anthu angati pa 100 alionse osamuka a m'bomalo. Kachiganizo kameneka ndinakalimbikira kwambiri. Ukabisa mizere uyenera kuuza munthu kukula kwa zomwe wabisa, apo ayi adzaganiza kuti zisanuzo ndi zonse.

Mizere yathu ndi yokhota, yokhala ndi mivi kumapeto. Bernhard Jenny ndi anzake anayesa anthu pa nkhaniyi n'kupeza kuti mizere yokhota imawerengeka bwino kuposa yowongoka, ndiponso kuti muvi umasonyeza kolowera bwino kuposa mzere wongopita nuwonda. Chomwe tinaonjezera ife ndi lamulo loti mzere uliwonse uzikhotera kumanzere kwa komwe ukulowera. Motero wopita kumwera umatukukira kum'mawa, pamwamba pa nyanja ndi Mozambique, pomwe wopita kumpoto umatukukira kumadzulo cha ku Zambia. Malo opanda kanthu a m'mbali mwa dziko, omwe poyamba ankangotayika, ndi amene ananyamula mizere italiitali, ndipo pakati panatsala mpata wa ifupiifupi. Kuti wina asaganize kuti anthuwo anadzera ku Chipata kapena ku Lichinga, maiko oyandikana nawo tinawasiya otuwa, opanda dzina la tauni ngakhale limodzi. Apa kuwonda kwa dziko lathu kunatithandizako: Malawi amakwana bwino pa foni yoimika, n'kutsalanso malo mbali zonse ziwiri.

Madontho ena tinawasuntha dala. Kompyuta ikasiyidwa yokha imaika dontho pakati pa boma, ndiye la Blantyre wa kumidzi limayandikana kwambiri ndi la mzinda, chimodzimodzinso ku Lilongwe ndi ku Zomba. La Blantyre wa kumidzi tinalikankhira cha ku Lirangwe, la Lilongwe cha ku Mitundu, la Zomba cha ku Jali. Mzuzu ndi Mzimba sizinavute, popeza pakati pa boma la Mzimba ndi patali kale ndi mzindawo. Mnzanga wina amene anaphunzira za kuyeza malo sanasangalale nazo, anati mapu sanama. Ndinamukumbutsa za Harry Beck, amene mapu ake a sitima za pansi pa nthaka ku London anatuluka mu 1933 atakulitsa pakati pa mzinda n'kufinya kunja, ndipo anthu akuyendabe ndi maganizo omwewo mpaka lero. Dontho lathu silikunena kuti anthu amakhala pamenepo. Likuimira boma lonse, ndipo lili m'bomamo ndithu.

Pansi pa mizere tinachotsa pafupifupi chilichonse. Mapu a OpenStreetMap omwe tinayala poyamba anali ndi misewu, mitsinje ndi mayina a malo ochitira malonda, zonse zikulimbirana diso ndi mizere yathu. Tinasiya malire a maboma, nyanja ndi mtsinje wa Shire, zokwanira kuti munthu adziwe pomwe ali. Phindu lina linabwera lokha: tsamba linapepuka, ndipo kwa munthu amene akutsegula ndi bandulo yake ya tsiku limodzi pamalo pomwe netiweki imabwera n'kupita, zimenezi si zazing'ono.

Chala ndi mitundu

Zitsanzo zambiri zomwe mungapeze pa intaneti zimadalira mausi: mukaisendeza pamwamba pa mzere, mzerewo umawala. Pa foni zimenezo kulibe. Pali chala, ndipo chala chimaphimba Chiradzulu yense ndi theka la Blantyre. Apple imalangiza kuti pokhudza pasachepere mapointi 44 (muyezo wa kukula kwa zinthu pa sikirini), Google imati 48, ndipo palibe mzere wathu womwe ungafike pamenepo. Choncho mizere siidinika n'komwe. Chodinika ndi dontho, ndipo paliponse pomwe chala chagwera timatenga dontho loyandikira kwambiri, ngakhale munthu ataphonya pang'ono.

Ena anati bwanji osangolola anthu kukulitsa mapu ndi zala ziwiri, vuto lithe. Kukulitsa kumathandiza pa madontho, osati pa mizere. Mukakulitsa pa Balaka mumaona tizidutswa ta mizere yodutsa, yopanda mutu kapena mchira. Tinalola kukulitsa pang'ono chifukwa cha kumapiri a Shire, koma munthu akadina boma mapu amadzikonza okha kuti nsonga zonse ziwiri za mizere yake zioneke.

Za mitundu ndinenepo, chifukwa mabuku a kunja sangakuchenjezeni. Wofiira ndi wobiriwira tinaukana msanga, popeza pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa mitundu iwiriyi. Langizo lomwe limaperekedwa kawirikawiri m'malo mwake ndi buluu ndi olenji. Tsono ikani buluu ndi olenji pa mapu a maboma a Malawi muone ngati wina sakufunsani za chisankho, poti buluu ndi wa DPP, olenji wa PP. Wachikasu ndi wa UDF, wofiira wa UTM, ndipo MCP ili ndi wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Tinathera pa wapepo wakuda ndi wa khofi wowala, umodzi woderapo kuposa unzake kuti zisiyanebe munthu akasindikiza pa makina opanda mitundu a ku ofesi.

Kwa ofuna zonse pakamodzi

Pali kagulu kochepa, ophunzira a ku yunivesite ndi atolankhani ena, kamene kamafunadi kuona malo onse nthawi imodzi. Amenewa sitinawapatse mizere, tinawapatsa tebulo la mabokosi 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, kobadwira kumanzere, kokhala pamwamba, bokosi lililonse likuda molingana ndi anthu ake. M'tebulo mulibe chophimba chinzake. Chinsinsi chake ndi kasanjidwe. Mukasanja motsatira alifabeti, Balaka amagundana ndi Blantyre, Chikwawa ndi Chiradzulu ndi Chitipa, ndipo simuona kanthu. Tinasanja kuyambira kumpoto kutsika kumwera, Chitipa pamwamba, Nsanje pansi. Pamenepo maboma oyandikana amadetsa mabokosi a pakati mopingasa, ndipo mizinda imaoneka ngati mizati yakuda yoima. Jo Wood, Jason Dykes ndi Aidan Slingsby a ku City University London anatulutsa mu 2010 njira ina yoika kamapu kakang'ono m'bokosi la malo alionse. Ndimaikonda, koma imafuna dziko lotambalala ndi sikirini yaikulu, ndipo pa foni timabokosi take sitinaoneke.

Zotsala

Pali chinthu chimodzi chomwe kujambula kulikonse sikungakonze. Balaka anali mbali ya Machinga, Phalombe mbali ya Mulanje, Likoma mbali ya Nkhata Bay mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Neno anapatuka ku Mwanza pambuyo pake. Gogo wobadwira ku Neno kalekale, amene sanachokepo pamudzi pake, atafunsidwa boma lobadwira angathe kunena kuti Mwanza, ndipo sanalakwe. Pa mapu athu gogoyo amasanduka wosamuka. Mizere ya pakati pa maboma awiriawiri amenewa tinaijambula modukizadukiza, ndipo munthu akaitsegula pamatuluka mawu omuchenjeza.

Tinaonanso kuti anthu ambiri satumizirana linki. Amajambula sikirini n'kuponya pa gulu la WhatsApp, ndiye wolandira amaona mizere isanu yopanda chofotokoza. Pachifukwachi dzina la boma, mawu oti "olowa" kapena "otuluka", chaka cha 2018 ndi kachiganizo ka anthu angati pa 100 kaja tinazisunthira mkati mwa mapu momwemo, pakona ya pamwamba kumanja, pomwe Tanzania yatisiyira malo.

Pano bungwelo lapempha kuti titsike kufika pa madera a mafumu aakulu, pogwiritsa ntchito ziwerengero zomwe likufuna kusonkhanitsa lokha. Ngakhale maderawo atangokhala 200, mizere ingakwane 39,800. Tawayankha kuti pamenepo sitijambula mzere ndi umodzi womwe. Munthu akadina dera la T/A wake, madera enawo azidzangosintha mtundu molingana ndi kuchuluka kwa anthu ochokera kumeneko, ndipo mizere idzatsala pa mlingo wa maboma basi. Akukambirana kaye.